Ndalama zikachepa, yambani ndi chitseko chakuseri

Mvula ikayamba kuno ku Mulanje ndi Thyolo, akuluakulu ambiri amachoka pakhomo kusanache. Ena amapita kukathyola tiyi ku esiteti, ena kumunda, ena ku msika wa Limbuli, Chonde, Luchenza kapena Bvumbwe. Nyumba imatsala ndi ana, kapenanso yokha. Usiku nawo uli ndi vuto lake: mvula ikamagwa pa malata, munthu angathe kukanula chitseko inu muli m'tulo osamva kanthu. Mbava zimadziwa zonsezi. Chimene zimafuna ndi nthawi yokwanira komanso bata, choncho ndalama iliyonse imene mungaike pa chitetezo cha nyumba izipita pa chinthu chochedwetsa wakuba kapena chomuchititsa phokoso.

Musanagule kanthu, tulukani madzulo ena muzungulire nyumba yanu pang'onopang'ono, mukudzifunsa kuti mukanataya kiyi mukanalowera pati. Pamene mwapeza kuti mpofewa, wakuba anapaona kale. Pa makomo ambiri amene ndimayendera, malowo ndi chitseko chakuseri. Chakumaso timachikongoletsa chifukwa cha alendo, pomwe chakuseri chimakhala cha matabwa otsala, chomangidwa ndi waya, ndipo chili kumene anthu odutsa saona.

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Munthu amagula loko wamkulu wolemera, koma kachitsulo kokolekapo lokoyo wakakhoma ndi misomali inayi kapena timasikuluwu toonekera kunja. Wakuba salimbana ndi loko. Amangolowetsa chitsulo pansi pa kachitsuloko, n'kukanula kamodzi, misomali yonse yazuka, loko ali chitsekere. Njira yake njosavuta: uzani kalipentala aboole chitseko ndi felemu, alowetse mabawuti a mutu wosalala otulukira mbali ina, manati ndi mawashala akhale m'kati mwa nyumba. Mabawuti otere satha ndalama ngati loko, koma amasintha zinthu kwambiri. Mahinjesi nawo akhale atatu, ndipo asaonekere kunja.

Kenako gwedezani felemu ndi manja awiri. Ngati ikusuntha, ndiye kuti inamangidwira m'matope, kapena chiswe chadya kumunsi. Chinyezi cha kuno sichichedwa kuoletsa thabwa. Simukufunika kupulasitala nyumba yonse. Gobani matope ozungulira felemuyo, khomani misomali ikuluikulu m'mbali mwake kuti ilowe m'chipupa, n'kuthira simenti yosakaniza ndi mchenga. Thumba limodzi la simenti mabanja awiri kapena atatu angathe kugawana pa ntchito imeneyi. Amene munamanganso mwachangu namondwe wa Freddy atawononga mu March 2023, yang'anani bwino mafelemu anu, chifukwa ambiri anangoimikidwa mongoyembekezera ndipo akadali chomwecho.

Pa chitetezo cha usiku, sindinaone chotchipa choposa mpiringidzo. Makolo athu ankaudziwa, ife tinausiya titaona maloko a m'sitolo. Pezani mtengo wolimba wa bulugamu wouma kapena paipi yakale yachitsulo, upingase chitseko chonse, nsonga zake zilowe m'mabowo olimbitsidwa ndi simenti mbali zonse ziwiri. Wofuna kulowa ayenera kuswa chitseko chenichenicho, ndipo phokoso lakelo lidzakudzutsani ngakhale kukugwa mvula. Chitseko chakuseri chizikhala chopiringidza masana onse, inu muzitulukira chakumaso kumene anansi amaona.

Mazenera. Ngati ndalama za owotcherera sizikukwana pa nyumba yonse, yambani ndi zenera lakuchipinda ndi la kumene mumasunga chimanga, enawo adzabwera mukalandiranso. Zitsulo zilowe m'chipupa, osati kungokhomeredwa pa thabwa, ndipo mpata wake usapitirire masentimita 12, chifukwa akuba ena amalowetsa mwana kuti akawatsegulire. Foni, chikwama ndi buluku lokhala ndi ndalama musaziike pafupi ndi zenera pogona. Amawedza ndi ndodo yokhala ndi kawaya kunsonga. Koma chonde, pamene mukutchinga paliponse, kumbukirani moto. Aliyense wa m'nyumba, ndi ana omwe, adziwe kuchotsa mpiringidzo mumdima, ndipo kiyi azikhala malo amodzi odziwika.

Nyumba za zidina zili ndi vuto lina: chipupa chikanyowa chimabooledwa mwakachetechete. Matumba a chimanga ndi feteleza musawatsamiritse ku chipupa choyang'ana kumunda kapena ku nthochi. Aikeni m'chipinda chapakati kapena chimene mumagona anthu, pa thandala. Tsekaninso mpata wa pakati pa chipupa ndi malata, ndipo sola ya padenga imangidwe ndi mabawuti. Khasu, chikwanje, nkhwangwa ndi makwerero zizigona m'nyumba, chifukwa akuba ena amathyola nyumba ndi zida za mwini wake.

Za kunja sizifuna ndalama kwenikweni. Lambulani tchire ndi kusadza nthochi zimene zaphimba zenera. Mpanda wa khonje umachedwetsa munthu, koma kumaso ukhale waufupi kuti oyandikana nawo aziona pakhomo panu. Khola la mbuzi kapena la ng'ombe ya mkaka likhale moyang'anana ndi zenera lakuchipinda, khomo lake mulimangirire zitini zokhala ndi timiyala. Nyale yaing'ono ya sola muiike pamwamba posafikira dzanja, iziwalitsa kuseri. Galu ndi wothandiza ngati mukumudyetsa ndi kumubayitsa katemera wa chiwewe chaka chilichonse.

Ndalama za tiyi, za mkaka, za nanazi kapena zogawana ku banki m'khonde zisagone m'nyumba. Ikani ku Airtel Money, ku Mpamba kapena ku banki tsiku lomwelo, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Nthawi zambiri wakuba amakhala atamva kuti pakhomo palowa ndalama, ndiye za malonda anu musamazikambe pa chigayo kapena pomwera mowa. Tengani kope mulembemo nambala ya felemu ya njinga, manambala a injini ndi chasisi a njinga yamoto, ndi nambala ya IMEI ya foni, imene imaoneka mukaimba *#06#. Kuno tili pafupi ndi malire a Muloza, katundu sachedwa kusowa, ndipo akapezeka apolisi adzafuna umboni woti ndi wanu.

Zonsezi zimangochedwetsa wakuba. Amene amamuthamangitsa ndi anthu. Khalani pansi nyumba zisanu kapena khumi zoyandikana, mupatsane manambala a foni, nyumba iliyonse igule wenzulo, mugwirizane kuti ikalira aliyense ayatse tochi, aimbe yake n'kutuluka pamodzi ndi anzake. Pa maliro, pa ukwati kapena pa mapemphero a usiku, pasakhale poti mudzi wonse wachoka, sinthanani otsala. Agogo okhala okha ndi amayi amene amuna awo ali ku Joni muwaike patsogolo. Adziwitseni amfumu za mgwirizanowu, ndipo muulumikize ku komiti ya chitetezo cha m'mudzi imene imagwira ntchito ndi apolisi, kuti olondera usiku akhale odziwika.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Musalumikize waya wa magetsi ku zenera kapena ku mpanda, chifukwa amene amagwira nthawi zambiri ndi mwana wosalakwa. Ndipo mukagwira wakuba musamumenye kapena kumuwotcha. Ndi mlandu waukulu, komanso anthu ena amafa chifukwa chongowaganizira. Mumangeni, muitane apolisi.

Mukamva kuti alowa kale ndipo ali ndi zida, musalimbane nawo. Dzitsekereni kuchipinda ndi ana, imbani wenzulo ndi kukuwa. Kukacha musakonze kapena kusesa pamene athyola mpaka apolisi aone, ndipo popita kukadandaula tengani kope lija la manambala. Nambala yangozi ya apolisi ndi 997, koma sunganinso m'foni mwanu nambala ya polisi ya kufupi ndi kwanu ndi ya wapampando wa komiti ya chitetezo.