Wotsekula m'mimba musamubisire mbale

Dzinja lino m'midzi yomwe ndayendera kuno ku Thyolo ndapeza zofanana. Munthu akatsekula m'mimba, apabanja amamumana chakudya ati m'mimba mupume, n'kumangomumwetsa madzi a shuga ndi mchere, ena mpaka Sobo. Tidzasiya liti zimenezi?

K wa pa thumba la feteleza wa NPK uja mukumudziwa. Ndi potaziyamu, ndipo nthochi ikamusowa masamba akale amachita chikasu n'kuuma. Thupi lanu nalonso limafuna mchere umenewu kuti minofu ndi mtima zigwire ntchito. M'magazi uyenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol pa lita, pa muyezo wa kuchipatala. Kutsekula ndi kusanza kumautaya wambiri, pomwe madzi anu a shuga ndi mchere wa kukhitchini aja alibe potaziyamu n'komwe. Ludzu limathadi, koma miyendo imalefuka, minofu imakokana, mimba imafufuma, mtima umagunda modumphadumpha. Mcherewu ukatsika kupyola 2.5, mtima ukhoza kungoima.

Bambo wina wolima tiyi anandisimbira kuti anadzuka m'mamawa kuti akathyole tiyi, miyendo n'kukana. Akazi awo anati aponda mankhwala. Chikhalirecho bambowo anali atatsekula masiku anayi osadya kanthu, kwinaku akumwabe mapiritsi a BP okodzetsa aja, omwe nawonso amataya potaziyamu mumkodzo. Nkhuku ziwiri zinathera kwa sing'anga, masamba anakhwimira m'munda, ndipo vuto linadzaoneka atayezedwa magazi kuchipatala. Nthochi, zomwe zili ndi potaziyamu wambiri, zili kuseli kwa nyumba yawo yomweyo!

Komatu wina asamve zake. Amene impso zawo sizikugwira bwino ntchito, kapena akumwa mapiritsi ena a BP kapena a mtima otchedwa enalapril kaya spironolactone, vuto lawo ndi kuchuluka kwa mcherewu. Ukapitirira 6.5 umasokoneza mtima, nthawi zina munthu asakumva kupweteka paliponse. Oterewa asamangodya nthochi ndi mapeyala mosayeza, ayambe afunsa adokotala.

Zochita ndiye mukuzidziwa kale. Paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, poti mmenemo potaziyamu alimo. Wodwala adye pang'onopang'ono: phala, nthochi yakupsa, mbatata, msuzi wa nyemba. Mwana apitirize kuyamwa, amwenso zinc masiku 10 mpaka 14. Miyendo ikayamba kulefuka, kabaza kapena njinga yamoto tsiku lomwelo, ndipo mapiritsi onse omwe akumwa muwanyamule akawaone kuchipatala.