Msiyireni wantchito wanu mpata woyesa nzeru zake

Inu amene muli ndi antchito, kaya ndi kutelala, kokhoma mipando kapena muofesi, yesani izi: muuzeni munthu chomwe mukufuna ndi tsiku lomwe chikufunika, koma kachitidwe kake mumusiyire yekha. Munthu amene bwana amangomulondalonda amachita zokhazo zomwe wauzidwa, nzeru zake amazibisa poopa kukalipidwa.

Kampani ya 3M ku America imalola akatswiri ake kugwiritsa ntchito 15 peresenti ya nthawi yawo pa zomwe mtima wawo wakonda. Timapepala tomata ta Post-it tinabadwira kumeneko. Spencer Silver, katswiri wa kampaniyi, anapanga guluu wosagwira kwambiri mu 1968, kenaka katswiri mnzake Art Fry, atatopa ndi timapepala tomwe tinkagwa m'buku lake la nyimbo kukwaya, anamupezera ntchito guluuyo.

Ine Loweruka masana ndimamusiyira mtsikana wosoka kwanga makina ndi zidutswa za zitenje. Chikwama chake choyamba zipi inakhota. Sindinamudule malipiro, ndinangofunsa kuti, "Ukonza bwanji?" Anasomola yekha, n'kusokanso. Pano amalawirira ndi zojambula zake m'kope, zomwe bonasi sinamuchititsepo.