Kuwerenga masiku otenga pakati

Amayi anzanga, ambiri amasokoneza poyambira penipeni. Tsiku loyamba ndi limene magazi ayamba kutuluka, osati limene mwamaliza kusamba. Muzililemba pa kalendala kapena mufoni mwezi uliwonse.

Ngati msambo wanu umabwera pakatha masiku 26 mpaka 32, mutha kutenga pakati kuyambira tsiku la 8 kufika la 19. Achulukadi masikuwa, koma pali chifukwa chake. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanafike, ndipo silikhala ndi moyo kupitirira maola 24. Koma mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mpaka masiku 5. Ndiye mukakhala malo amodzi Lolemba, mimba itha kuima Lachisanu.

Muziyang'ananso chikazi. Chikayamba kuterera n'kumatamuka ngati choyera cha dzira laliwisi, dziwani kuti mwalowa m'masiku aja. Ofuna mwana, nthawi yake ndi imeneyi. Osafuna, kondomu kapena kudziletsa, ndipo bambo akunyumba muwauziretu, asadzadabwe usiku.

Ngati mukuyamwitsa, mwangosiya kumene jakisoni wa Depo, kapena msambo wanu umadumphadumpha, musadalire kuwerengaku. Kaonaneni ndi anamwino a zakulera kuchipatala akuthandizeni kusankha njira ina.