Momwe mungasiyanitsire mitundu ya pulasitiki musanakagulitse

Ogula mapulasitiki akale amene amatumiza katundu ku mafakitale a ku Lusaka salipira mtengo umodzi pa chilichonse, ndipo thumba losakanizika amaligula motchipa kapena kulikana kumene. Choncho amene amatola mabotolo ndi zigubu ku Kapata, ku Mchini kapena ku Saturday Market mu mzinda wa Chipata ayenera kudziwa kuika mtundu uliwonse pawokha.

Yambani ndi kuchotsa zimene sizisungunuka. Zogwirira mapoto zakuda zija, masoketi akale a magetsi ndi mbale za melamine zinaumitsidwa kamodzi kokha, moti zikakhudza moto zimangopserera osafewa, ndipo fakitale singaziumbenso.

Kenako tembenuzani chinthucho n'kuyang'ana nambala imene ili m'kachizindikiro ka makona atatu, njira imene inayambira ku America mu 1988. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi; 2 ndi HDPE, ya zigubu za malita 20; 3 ndi PVC, ya mapaipi ndi makoko a mawaya; 4 ndi LDPE, ya mapepala ofewa okulungira katundu. Nambala 5 ndi PP, ya mipando, ndowa ndi masaka a ufa kapena feteleza, pamene 6 ndi PS, ya makapu othetheka msanga ndi mabokosi oyera oikamo chakudya. Zotsala zonse zimalowa mu 7.

Zambiri zimene timatola zimakhala zidutswa zopanda nambala, ndipo apa beseni la madzi ndilo limagwira ntchito. Dulani kachidutswa kofanana ndi chikhadabo, mukatsuke, n'kukakankhira pansi ndi chala kuti timathovu ta mpweya tichoke, chifukwa mpweya umayandamitsa ngakhale chinthu choyenera kumira. Tikati kulemera kwa madzi ndi 1, PP, LDPE ndi HDPE zili pakati pa 0.90 ndi 0.97, choncho zimayandama. PS yolimba ili pafupifupi 1.05, PET pafupifupi 1.38, ndipo PVC ili chapafupi pomwepo, choncho zitatuzi zimamira. Thirani mchere mpaka usiye kusungunuka, ndipo PS idzakwera pamwamba. Mipando ina yotchipa imamira ngakhale ili ya PP chifukwa opanga amaisakaniza ndi ufa wa miyala ya laimu, ndipo imeneyo ndi bwino kuiika pambali.

Pansi pa beseni patsala PET ndi PVC, ndipo pamenepa ndi pamene katundu wanga anabwezedwapo chifukwa cha timabotolo tochepa ta PVC timene tinalowa m'thumba la PET. Poyang'ana ndi maso, ziwirizi zikakhala zoonekera mkati n'zovuta kuzisiyanitsa. Koma PET imasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, pamene PVC imayamba kupsa isanafike pamenepo, n'kutulutsa asidi amene amadetsa mtanda wonse ndi kudya zitsulo za makina. Wogula amene amakana thumba lotero sakukuponderezani ayi.

Yang'anani kunsi kwa botolo. La PET limakhala ndi kadontho kolimba pakati penipeni, pamene la PVC limakhala ndi mzere wodutsa kunsi konse. Pindani kachidutswa mwamphamvu: PVC imayera pamene mwapindapo, koma PET nthawi zambiri imakhalabe yoonekera. Ngati mukukayikabe, tenthetsani waya wa kopa mpaka ufiire, muukhudzitse pa pulasitikiyo, n'kuubwezera pa moto. Lawi likasanduka lobiriwira, muli klorini, ndipo imeneyo ndi PVC. Chitani zimenezi panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ana ali kutali, chifukwa utsi wa PVC umawononga mapapo. Sindigwirizana ndi amene amayatsa chidutswa chonse n'kumanunkhiza utsi wake kuti adziwe mtundu. Kukhudzitsa wayako n'kokwanira.

Zoyandama zija sizivuta kwenikweni. HDPE imaterera m'manja ngati kandulo ndipo chikhadabo chimasiyapo mzere, pamene PP ndi youmirapo ndipo kachidutswa kake kopyapyala kamapindika kambirimbiri osaduka. LDPE mumaidziwa ndi kutanuka kwake. Timapepala topyapyala kwambiri musataye nato nthawi, popeza tilibe kulemera, komanso lamulo la boma la Zambia la SI 65 la mu 2018 linaletsa timatumba tosakwana mamaikironi 30 pa muyezo wa kuchindikala.

Zotsalazo n'zachidule. Chotsani zitsekerero pa mabotolo a PET chifukwa ndi za HDPE kapena PP, patulani oonekera mkati ndi amitundu popeza oonekera mkati ndiwo amagulidwa bwino, kenako muwaphwanye ndi phazi kuti ambiri alowe m'thumba, chifukwa ulendo wa pa Great East Road ndi wautali ndipo eni magalimoto amalipiritsa malo. Zigubu za mankhwala opopera thonje kapena fodya zisalowe m'gulu la zinzake ngakhale zili za HDPE. Pomaliza, yezani katundu wanu ali wouma pa sikelo imene mumaikhulupirira musanapite kwa wogula, chifukwa ena amachotsera makilogalamu ponamizira chinyezi chimene palibe.