Tsitsi likungophuka kumene, mukulikokeranji ndi meshi?

Chiyambire mvula, maukwati ndi zinkhoswe zachuluka, ndipo m'magulu a amayi amene ndimayendera kuno ku Harare, ku Zimbabwe, m'madera a ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku mpaka ku Epworth ndikuona cholakwa chimodzi chikubwerezedwa. Mayi amene tsitsi lake linathothoka miyezi yapitayi chifukwa cha matenda, pano layamba kuphuka, tatifupitifupi m'mbali mwa mphumi ndi paliwombo. M'malo molisiya likule, wapita ku saluni kukalukitsa meshi yaitali yolemera, yokoka mpaka nsidze kukwera m'mwamba. Ena ayamba aliwongola kaye ndi mankhwala, n'kulukitsa tsiku lomwelo. Akuti pa Khirisimasi anthu asaone kuti mutu unayera. Chimene chikundiwawa n'chakuti kuthothoka kumene akubisako kukanatha kokha, pamene chimene akudzichita ndi meshi chikhoza kukhala cha moyo wonse.

Pamutu pa munthu pali mizu ya tsitsi pafupifupi 100,000. Nthawi iliyonse mizu pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse imakhala ikukulitsa tsitsi, yotsalayo ikupuma. Muzu umapuma miyezi itatu, kenako tsitsi lakale limagwa, latsopano n'kuyamba pamalo pomwepo. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku osadziwa n'komwe. Koma thupi likakumana ndi chachikulu, monga malungo, tayifodi, chimfine chotentha thupi kwambiri, opareshoni, kubereka, kuonda mwadzidzidzi, kapena chisoni cha maliro ndi nkhawa ya ngongole, limaika mphamvu zake pa zopulumutsa moyo. Mizu yambiri imapumitsidwa nthawi imodzi, mwina 3 mwa 10 iliyonse kapena kuposerapo. Madokotala amati telogen effluvium. Tsitsilo siligwa pomwepo ayi. Limadikira miyezi iwiri kapena itatu, munthu atachira kale, ataiwala zoti anadwala. Amene anagona ndi chimfine m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ndi amene anaona chipeso chikudzaza tsitsi mu Sepitembala ndi Okutobala. Tinazionanso Covid-19 itavuta mu 2021, ndipo timaziona nthawi iliyonse tayifodi ikadutsa ku Glen View ndi ku Budiriro.

Mpata wa miyezi itatuwo ndi umene umasokoneza anthu. Popeza matenda ndi kuthothoka sizinabwere pamodzi, munthu amayamba kufunafuna chifukwa china. Ati mnzanga wa pamzere womwewu anatola tsitsi langa nditapesa pakhomo. Ati ndi madzi a pachitsime. Ati woluka uja ali ndi dzanja loipa. Zaka zonsezi tikulankhula za zimenezi, koma mpaka lero anthu akudana ndi anansi awo chifukwa cha malungo amene anadwala okha! Kumbukirani zimene zinakuchitikirani miyezi itatu tsitsi lisanayambe kugwa, yankho muli nalo kale.

Mizu ija sinafe. Nthawi zambiri tsitsi lakale limagwa chifukwa latsopano layamba kale kulikankha pansi pake. Chimene chinayambitsa chikachoka, kuthothoka kumachepa m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo mutu umadzaza wokha popanda mankhwala aliwonse.

Tsopano taonani chimene chimachitika mukapita ku saluni pa nthawi imeneyi. Tsitsi limene latsala ndi lochepa kuposa kale, koma meshi ndi yomweyo, kulemera kwake n'komweko. Katundu amene kale ankanyamulidwa ndi tsitsi lambiri tsopano walendewera pa lochepa. Latsopanolo n'lalifupi, n'lofewa, ndipo kuti woluka aligwire ayenera kulitsina pafupi ndi khungu penipeni n'kulikoka. Amatero kumene, chifukwa mwamuuza kuti mukufuna m'mbalimu mukhale mosalala, musatsale kalikonse koimirira. Usiku woyamba simugona, mutu ukugunda, mukumwa panado. M'mawa pankhongo ndi m'mbali mwatuluka tiziphuphu, tina tokhala ndi mafinya. Ndiye wina akukulimbitsani mtima kuti kupwetekako ndiye kuti lagwira bwino, likhalitsa. Mawu amenewa ndatopa nawo. Kupweteka ndi muzu ukuzulidwa, palibenso china.

Poyamba muzu umangotupa, ndipo mukamasula msanga umachira. Mukabwereza mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, muzuwo umafa, pamalo pake pamalowa chipsera. Khungu limakhala losalala, lonyezimira, lopanda ngakhale timabowo ta tsitsi. Pakafika pamenepo palibe mafuta ogulitsidwa m'tauni muno kapena ochokera ku Johannesburg amene angameretse kanthu. Ofufuza a ku University of Cape Town, motsogozedwa ndi Nonhlanhla Khumalo, atayeza anthu a ku Langa mumzinda wa Cape Town anapeza kuti amayi pafupifupi 3 mwa 10 alionse anali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi, ndipo chiopsezo chinali chachikulu kwambiri kwa amene ankalukitsa pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala. Amenewo anali amayi wamba, osati ongochira kumene. Nanga inu amene tsitsi lanu lachepa kale?

Mankhwala owongolerawo, ambiri mwa iwo, mphamvu yake ndi sodium hydroxide, yemwe uja wopangira sopo, ndipo ngakhale olembedwa kuti alibe ameneyu ali ndi ena a mtundu womwewo. Amawongola tsitsi pothyola zimene zimalilimbitsa m'kati. Tsitsi lowongoledwa ndi lofooka kuyambira tsiku loyamba, ndipo pamene lowongoledwa likukumana ndi latsopano lopotana ndi pamene limadukira. Ndiye munthu akuti tsitsi langa silikukula. Likukula ndithu kumuzu, koma likuduka kunsonga mofanana ndi mmene likukulira. Onjezanipo guluu womatira wivi pamphumi, amene pomatula amachoka ndi titsitsi tonse tatsopano, ndiye mwamaliza ntchito.

Tiwerengere mtengo wake, osati wa madola okha amene mwasiya ku saluni. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo lathu lopotanali limachedwerako pang'ono. Pa chaka ndi masentimita 10 mpaka 12, zonse zikayenda bwino. Amene mukufuna libwerere kufika m'mapewa, masentimita 30, mukunena za zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Titsitsi timene tili pamphumi panu pano tatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti tifike pamenepo. Mukatizula mu Disembala, muzu uyenera kupumanso, n'kuyambiranso, ndipo mudzafika nyengo yozizira muli pomwe munali. Theka la chaka latayika chifukwa cha ukwati wa tsiku limodzi. Kumeneko ndiye kuchita mwayi. Opanda mwayi m'mbalimo simumeranso, ndipo amagula wigi moyo wawo wonse, wigiyo nayonso ikukhula pamalo pomwepo.

Kuli mayi wina ku Epworth, mlimi wa kudimba, amene amabwera ndi repu ndi tomato ku Mbare Musika m'bandakucha. Makolo ake anachokera ku Dedza, iye anabadwira konkuno. Anadwala tayifodi chaka china, anagona m'chipatala, anachira, n'kubwerera kudimba. Tsitsi linayamba kugwa chinkhoswe cha mwana wake wamkazi chitayandikira. Azilamu ake anati sizingatheke mayi wa mkwatibwi kuimirira pamaso pa akuchimuna ndi mutu wotero, anasonkha ndalama, anamuwongola, n'kumulukitsa meshi yofika m'chiuno. Popeza inali yodula, anakhala nayo mpaka inayamba kugwa yokha, luko lililonse likugwa ndi tsitsi lake lomwe kumizu. Masiku onsewo akusenza madengu a tomato pamutu pomwepo. Tinakumana pa msonkhano wa amayi a Mvano, ndipo tisanafike pa za tsitsi anandifotokozera kaye za mtengo wa feteleza ndi za mbozi imene inamuthera tomato wa chaka chimenecho, mpaka ndinaganiza kuti waiwala chimene anandiitanira. Kenako anavula duku. Paliwombo panali patadzaza bwinobwino, koma kumanzere, kuyambira pamphumi mpaka pamwamba pa khutu, panali mbee, ponyezimira. Anati, "Alangizi, ine mbande ya tomato ndikangoiwokera sindiimangirira kumtengo mokoka, ndimadziwa kuti izuka. Koma pamutu pangapa nzeru imeneyo sinandibwerere." Ndinamuuza kuti, "Amayi, apa pachipserapa sindikulonjezani kanthu, koma tipulumutse pamene patsala." Anandimvera. Kumanja kunabwerera, kumanzere amaphimba ndi duku mpaka lero.

Inunso achemwali a m'masaluni, ndikudziwa kuti Disembala ndiye mwezi wanu wopezera fizi ya ana, ndipo kasitomala mukamukana apita pakhomo lotsatira. Koma inu ndi amene mumaona mutu wa munthu pafupi kuposa dokotala. Mukaona kuti tsitsi lachepa ponseponse ndipo pali titsitsi tatsopano, mufunseni ngati anadwala kapena anabereka posachedwa. Muuzeni zoona. Kasitomala amene mwamutha m'mbali sadzabweranso kudzaluka, chifukwa choluka chidzakhala kulibe.

Ndiye muchite chiyani? Zambiri mukuzidziwa kale. Amene mwalukitsa ndipo mukumva kukoka kapena mwaona tiziphuphu, masulani lero lomwe, ndalamayo yapita kale. Kwa miyezi isanu ndi umodzi mankhwala owongolera ayi, guluu ayi, meshi ayi, dirayala yotentha ayi. Lukani tsitsi lanu lokha, maluko akuluakulu omasuka, m'mbalimo musiye osagwira, ndipo muzimasula pakatha masabata awiri kapena atatu. Pa ukwati mangani duku lokongola koma losafinya pamphumi, kapena wigi yosamata imene mukavule mukangofika kunyumba. Musaope kusamba m'mutu. Ena amasiya kuchapa poganiza kuti madzi ndi amene akuthothola, koma limene likugwalo linasiyana kale ndi muzu wake, ligwabe basi. Chapani sabata iliyonse, pesani likadali lonyowa ndi lofewa, ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga. Kumeta mpala sikukulitsa tsitsi msanga kapena kulichulukitsa. Metani ngati mukufuna likule lofanana, osati poyembekezera zodabwitsa.

Tsitsi limapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo limafuna magazi okwanira. Nsima ndi repu yekha tsiku ndi tsiku sizikwanira kwa munthu wongochira. Nyemba, mazira, matemba a ku Kariba, chiponde, soya, chiwindi mukachipeza, bonongwe ndi nkhwani zimene zamera ponseponse ndi mvulayi. Tiyi musamwere pa chakudya, amatsekereza ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, kulowa m'thupi, koma chipatso chowawasa ngati lalanje chimathandiza. Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin amene akugulitsidwa pa WhatsApp sathandiza munthu amene sakuperewera biotin m'thupi, ndipo amatha kusokoneza zotsatira za magazi akamayeza chithokomiro. Poona ngati likukula, litambasuleni ndi zala, chifukwa lopotana limadzikhwinyata n'kuoneka ngati laima.

Amayi oyamwitsa, kuthothoka kwanuko kumayamba mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi ndipo kawirikawiri kumakhala kutatha mwana akamakwanitsa chaka. Musasiye kuyamwitsa chifukwa cha tsitsi. Amene muli pa mankhwala a nthawi yaitali, kaya a ARV, a BP kapena olerera, musawasiye nokha, kafunseni kuchipatala. Ndipo pitani kuchipatala ngati kuthothoka kwapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ngati kukuchitika m'zigamba zozungulira, ngati pali zilonda, mafinya kapena kuyabwa kwa chipere, ngati mukutopa msanga, mtima ukugunda, msambo ukuchuluka, kapena mukuonda kapena kunenepa popanda chifukwa. Pemphani akuyezeni kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro, ndipo musakhumudwe akafuna kuyezanso chindoko, chifukwa nachonso chimathothola tsitsi. Mankhwala opaka otchedwa minoxidil alipo m'mafamase ndipo amathandiza ena, koma si a mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndipo amayamba awonjezera kuthothoka masabata oyambirira, choncho musawayambe musanaonane ndi dokotala.