Kusenda nambala yaikulu ngati chinangwa

Ana amene ndimawaphunzitsa masamu madzulo kuno ku Ndirande akaona nambala yaitali, manja amathamangira ku foni. Ine ndimawalanda, n'kuwapatsa pensulo. Nambala imene ndimakonda kuwayesera ndi 800,264, chiwerengero cha anthu a mumzinda wa Blantyre pa kalembera wa 2018. Ntchito yawo ndi kupeza nambala zing'onozing'ono zimene zikachulukitsana zimapereka nambalayi.

Yambani kumchira. Ikuthera 4, ndiye 2 amalowamo bwinobwino, koma 5 ayi, poti iye amafuna 0 kapena 5 kumapeto. Kenako onani manambala atatu omaliza: 264 ndi 8 kuchulukitsa ndi 33, choncho nambala yonseyo igawika ndi 8. Gawani, mutsala ndi 100,033.

Za 3 n'zachangu. Wonkhetsani manambala a mu 100,033, omwe ndi 1, 3 ndi 3, mupeza 7. Sagawika ndi 3, basi pitirirani.

Tsopano njira imene ndimaikonda kwambiri. 7 kuchulukitsa ndi 11, kenako ndi 13, zimapereka 1,001. Chifukwa cha ichi mungayese atatu onsewo pakamodzi: dulani nambalayo pakati, 100 uku, 033 uku, n'kuchotsera. Patsala 67. Kodi 7, 11 kapena 13 alowa mu 67? Palibe. Ndiye onse atatu agwa.

Apa mpamene ana amafuula kuti, “Aphunzitsi, ndi prime!”, kutanthauza nambala imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Osafulumira. Muyenera kuyesa ma prime onse, 17, 19, 23, mpaka 313. Malirewo sitinangowalota: 317 kuchulukitsa ndi 317 ndi 100,489, yomwe yadutsa kale nambala yathu. Ngati pali nambala ziwiri zochulukitsana n'kupereka 100,033, imodzi iyenera kukhala yochepera 317.

Ntchito yake ndi yotopetsa, sindinama. Tsiku loyamba tinaichita magetsi atazima, ndi tochi, ndipo pa 67 panatsala 2 yekha, mtsikana wina anachita kumenya desiki. Koma pa ulendo wa 33, pa 167, sipanatsale kanthu: 167 kuchulukitsa ndi 599. Onse awiri ndi ma prime.

Mafupa a 800,264 ndi amenewo: 2, 2, 2, 167 ndi 599.

Kuchoka apa zina zonse zimabwera zokha. Kuti mudziwe nambala zingati zimaigawa mosatsala, wonjezerani 1 pa maulendo amene prime aliyense waonekera, n'kuchulukitsa: 4, 2 ndi 2 zipereka 16. Mukawonkhetsa zonse 16 mupeza 1,512,000. Chotsanipo mwini wakeyo, patsala 711,736, yomwe sikufika pa 800,264. Nambala yotere timati ndi yoperewera. Zikanafanana ndendende ikanakhala m'gulu la 6 ndi 28, zimene Agiriki akale ankaziona ngati zangwiro.

Mlungu wamawa ndawauza abwere ndi 17,563,749, chiwerengero cha dziko lonse pa kalembera yemweyo. Manambala ake akawonkhetsedwa akupereka 42, ndiye 3 walowa kale.