Mwana wagonekedwa koma mpweya sukulowa, muchite chani?

Anzanga amene mwangoyamba kumene kugoneka ana ku fiyeta, ichi chimabwera modzidzimutsa, mwana wagona bwinobwino kenako mukungomva mkonono, mimba ikutukuka koma chifuwa chikulowa mkati, bagi yopumira ija ya pa makina ogonetsera yangoti duu. Osadikira kuti nambala ya okosijeni pa monita itsike ayi, iyo imachedwa ndipo okosijeni wa mwana amatha msanga kuposa wa munthu wamkulu. Maso akhale pachifuwa.

Kawirikawiri chotseka njira ya mpweya ndi lilime ndi minofu ya kukhosi, mankhwala akaifooketsa imagwera kumbuyo. Khanda nkhongo yake ndi yaikulu ndiye likagona chagada khosi limapindika, ikani kathawulo kopinda pansi pa mapewa mutu uwongoke, osaubweza kumbuyo kwambiri. Kenako gwirani nsagwada cha kumunsi kwa makutu muikankhire kutsogolo, jaw thrust ija, kukamwa kukhale kotsegukako. Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa, manja akamanjenjemera zala zimatsetserekera pofewa paja pansi pa chibwano nkumakankha lilime kuti litsekenso njira yomwe tikufuna kutsegulayo. Zala pafupa basi, chonde.

Zikakanika ikani Guedel, kapaipi kokhota kolowetsa m'kamwa kuti lilime lisatseke njira, muiyeze kuyambira pa mano akutsogolo mpaka pa ngodya ya nsagwada, koma mwana akhale atagona ndithu, mukaika tulo tisanakwane muputa laryngospasm, kutsekeka kwa kholingo.

Laryngospasm yo ndiye yondiopsa ine. Kholingo limadzitseka lokha, mumamva kaphokoso kosongoka akamakoka mpweya, likatsekeratu kumangoti zii, ndipo zii ameneyo musamuyese kuti zatheka. Itanani mnzanu pompo, adokotala aimitse kaye opaleshoni, okosijeni 100%, masiki igwire bwino nkhope mupereke CPAP, kutanthauza mpweya wokankha mosalekeza kudzera pa masiki, jaw thrust osaisiya, ngati kukhosi kuli magazi kapena malovu yamwani ndi sakishoni, onjezani mankhwala ogonetsa a propofol tulo tizame. Okosijeni akamatsikabe osazengereza, perekani suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu, 1 mpaka 2 mg/kg mumtsempha, kanula ngati palibe 4 mg/kg mumnofu, atropine, mankhwala ofulumizitsa kugunda kwa mtima, 0.02 mg/kg akhale mu sirinji kale chifukwa mtima wa mwana umayamba kugunda pang'onopang'ono okosijeni akachepa.

Mwana asanalowe afunseni mayi ake ngati anali ndi chimfine kapena chifuwa masabata apitawa, ngati amaliza mkonono usiku, ngati pakhomo pali osuta fodya. Ana amenewo ndi omwe amavuta, ngakhale podzuka mutachotsa kale chubu chopumira, ndiye mumugoneke cham'mbali ndipo musachoke pomwepo mpaka atadzuka bwinobwino.